Madesiki a Chileyi

Ana anga, Misozi, Dalitso ndi iwe Mabvuto chitsirizira, mutu uno ndaulemba chifukwa cha desiki lakale lili pakhonde lija. Amayi anu afuna kuliwaza nkhuni kawiri konse, ndipo iwe Dalitso tsiku lina unati ulitenge likakhale poikapo masipika ku tchalitchi chako cha mapemphero aphokoso chija. Nthawi zonse ndimangoti lisiyeni, osanena chifukwa. Tsopano maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndinene ndisanaiwale, kapena ndisanayambe kudzikometsera nkhani, poti nkhalamba timatero. Za ubwana wanga sindibwereza. Mukudziwa kuti agogo anu anachoka kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ine n'kukulira m'komboni muno mu Kafue. Ndiyambira pa ntchito.

Zaka za m'ma 1970: miyendo inayi

Nditamaliza kosi ya ukalipentala ndinalembedwa ku ofesi yoyang'anira masukulu a m'boma lathu, kuti ndizikonza madesiki, zitseko ndi mabolodi. Wekishopu yathu inali shedi ya malata kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale, pafupi ndi njanji, moti sitima ikamadutsa misomali inkavina m'zitini. Kapitawo wanga woyamba anali Ba Lungu, bambo wamfupi wa ku Petauke, amene ankayenda ndi mapensulo awiri, khutu lililonse yake, koma n'kumabwerekabe yanga. Munthuyo kuyamikira sankakudziwa. Ukamaliza desiki ankaliimika pasimenti, n'kuika kapu yake ya tiyi pampando, kenaka n'kuligunda ndi bondo. Tiyi akatayika ngakhale dontho limodzi ankangoti, "Mbewe, iyi ni desiki olo ni bwato?" n'kuchokapo. Mwezi wanga woyamba tiyi wa Ba Lungu anatayika tsiku lililonse, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikulumbira kuti mawa sindipitanso. Mwezi wachitatu anagunda desiki langa kawiri, anayang'ana kapu, anamwa tiyi wake yense ali chiimire, n'kuchokapo. Satifiketi yanga yeniyeni inali imeneyo.

Kwa iwo ndinaphunzira kuti desiki ndi miyendo inayi yofanana, yoima pansi osagwedera, basi. China chilichonse chowonjezera ankati ndi matama a kalipentala. Masiku amenewo mafakitale ankalemba anthu tsiku ndi tsiku, nyumba za ku Estates zinkadzaza, ndipo masukulu atsopano ankamangidwa a njerwa, pansi pali simenti yosalala yoti n'kudziyang'anirapo. Zaka ziwiri ananditumiza kukakhala ndekha cha ku Shimabala, ndikuzungulira masukulu a m'mapulazi, minda ikuluikulu ija, ndi njinga, bokosi la zida lili pakaliyala. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi amayi anu akugulitsa repu pamsewu, ndipo ndinagula repu wambiri chaka chimenecho kuposa amene munthu wosakwatira angathe kudya. Masukulu a kumeneko nawonso anali ndi simenti, kapena dothi louma la timiyala. Choncho ndinakhwima pa ntchito ndikuganiza kuti pansi pamene desiki limaima pamakhala polimba kulikonse. Palibe anandiuza zimenezi, ndipo panalibe amene anali ndi chifukwa chonditsutsa.

Zaka za m'ma 1980: misomali yowongola

Ba Lungu atapuma, ukapitawo unagwera ine, ndipo unandigwera pa nthawi yoipa. Inu akuluakulu awiri mukukumbukira mizere ya ufa ndi sopo, amayi anu akulawira ndi chitenje chokhalira pamzere. Kuwekishopu kunalinso chimodzimodzi. Misomali inasowa, guluu anasowa, matabwa ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera anali aawisi, pakatha sabata apindika ngati nthochi. Lachisanu lililonse tinkakhala pansi kuzula misomali m'madesiki akufa, n'kumaiwongola umodziumodzi pa chidutswa cha njanji. Guluu tinkaphika tokha ndi ziboda zopempha kubutchala, ndipo fungo lake aphunzitsi a pasukulu paja anakadandaula nalo mpaka ku ofesi. Desiki limodzi labwino linkatuluka m'madesiki atatu othyoka. Mabwana ankasinthana ngati alendo a pamaliro, wina kubwera ndi malonjezo, wina kuchoka nawo, koma shedi yanga sinatsekepo tsiku ndi limodzi lomwe. Ndinanyadira luso limeneli, ndipo kunena zoona ndinanyadira mopitirira. Ndinafika poti ndikaona thabwa lili pamalo pomwe ine sindikuona ntchito yake, mtima unkandiwawa ngati ndaona munthu akutaya nshima ana ali ndi njala.

M'zaka zomwezo ndi m'mene anabwera Ba Sakala, amene inu munkawatcha ba ankolo. Mudzi wawo ndi wa agogo anu walekana dambo limodzi chabe. Anali ndi manja othamanga, nthabwala zosatha, ndi nyumba yodzaza ana. Ankadya kwathu, ife tinkadya kwawo, ndipo agogo anu atamwalira bokosi anakhoma ndi iwo, osalola kuti ine ndigwire nyundo. Ndikulemba izi kuti mudziwe kumene mtima wanga unali pa zimene zikubwerazi.

1991 ndi zaka zotsatira: shedi imodzi, maboma awiri

Ulamuliro utasintha, katundu anadzaza m'masitolo koma ntchito zinayamba kutha. Mawu atsopano m'tauni anali akuti kupuluna, monga muja apulunira nthambi za mtengo. Amuna amene kale ankathamangira kufakitale m'mamawa tsopano ankapezeka pakhonde dzuwa lili pamutu, atavala maovolosi ochapa bwino amene analibenso kowadetsera. Ku Estates anthu anasiya kufunsana za kuntchito popatsana moni, kuopa kukhudza pachilonda. Ife a m'masukulu tinkadziwa kuti chikwanje chomwecho chifika ndi kwathu komwe.

Chinafika ndi Ba Chileshe, bwana watsopano woyang'anira nyumba ndi katundu wa masukulu. Anali Mbemba, ndiye kuti mbuya wanga, poti ife akum'mawa ndi Abemba timanyozana mwaufulu popanda wokwiya. Iwo ankanditcha wodya mbewa, ine ndinkawafunsa ngati kwawo anyani atsalako. Tsiku lina anandiitana ku ofesi, anatseka chitseko, nthabwala n'kuzisiya panja.

"Ba Mbewe, vintu vachinja," anatero. "Vamene tipasiwa manje ni ving'ono. Ise na banzathu ba kutsidya kwa mumana tagwilizana. Wekishopu izankala imozi, lole imozi, ba foromani ni imwe. Wiki imozi lole iyenda kuno, wiki inangu iyenda kwao."

"Nanga bantu bao ba mu wekishopu?" ndinafunsa.

"Bali na kalipentala umozi chabe, mudala. Azabwela kuno. Pakapita myezi itatu muzaniuza, pali iye na Ba Sakala asale ndani. Malo ni yamozi."

Ndisaname, nzeru yophatikizayo sinali yoipa. Boma la kutsidya kwa mtsinje linali ndi lole yabwino koma linalibe makina ocheka matabwa. Ife tinali ndi makina, koma lole yathu inali itagona pamiyala zaka ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Titaphatikiza, masukulu amene anali asanamuonepo kalipentala anayamba kulandira madesiki okonzedwa. Mikangano inalipo, makamaka ya sabata la lole, poti mbali iliyonse inkati anzawo akuisunga dala Lachisanu kuti ikanyamule zawo Loweruka. Tinagwirizana zopaka kadontho ka penti pa desiki lililonse, kofiira kwathu, kobiriwira kwawo, kuti katundu asasokonekere, ndipo zimenezo zinayenda. Mpaka lero ndikamva anthu akunyoza zogawana ntchito pakati pa maboma, ndimati vuto silinali pamenepo. Vuto linali mwa munthu amene anapatsidwa shediyo, ndipo munthuyo ndine.

Kalipentala wa kutsidya uja, Ba Michelo, anafika Lolemba, atakhala pamwamba pa madesiki kumbuyo kwa lole, bokosi la zida ali nalo pamiyendo. Anali Mtonga wamtali, waimvi, wolankhula Chinyanja pang'onopang'ono ngati akuyeza liwu lililonse ndi tepi asanalidule. Anatilonjera ndi manja awiri. Koma maso athu anali pa madesiki amene anabwera nawo. Lililonse linali ndi matabwa awiri aatali a mubanga, ogonekedwa pansi pa miyendo kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, nsonga zake zosemedwa mokweza, onse opakidwa oilo wakuda wa galimoto. Ba Sakala anafunsa dzina la zinthuzo. Ba Michelo anati kwawo amaziti chileyi, potengera chileyi chija ng'ombe zimakoka ponyamula chimanga kumunda. Tinaseka mpaka kugwirira mabenchi.

Sabata loyamba lomwelo ndinaona kuti madesikiwo ndi olemera, sasanjika bwino m'lole, ndipo oilo uja amadetsa anzake. Koposa zonse, mubanga ndi mtengo wolimba umene ife tinali tisanaugwire zaka zambiri, ndipo apa unali utangogona pansi ngati wosowa ntchito. Ndinalamula kuti desiki lililonse la kadontho kobiriwira likalowa m'shedi lichotsedwe chileyi, matabwawo tizidulamo miyendo yatsopano ya madesiki ena. Ba Michelo anabwera kudzaima pafupi nane, chipewa chili m'manja.

"Ba foromani," anatero, "ivi vileyi, kuja kwathu..."

"Mudala, kuno ng'ombe tilibe," ndinawadula. "Bana ba sukulu sitibakoka."

Ba Sakala ndi dalaivala anaseka. Ba Michelo anandiyang'ana pang'ono, anavala chipewa, n'kukatenga zida zawo. Ndinali nditaiwala kuti Mtonga si mbuya wanga. Mawu amene Ba Chileshe akanandibwezera ndi chipongwe choposa pamenepo, bambo uyu anangowameza. Chileyi choyamba anachotsa ndi iwo eni, mosamala, osathyola msomali ndi umodzi womwe.

Chilimwe cha chaka chomwecho: dzina

Miyezi itatu inatha msanga. Madesiki ankatuluka ambiri kuposa kale, lole inkanyamula ochuluka paulendo umodzi, ndipo pamsonkhano wa mabwana a maboma onse awiri dzina langa linatchulidwa, anthu n'kuomba m'manja. A kutsidya nawonso anaomba. Ndinabwera kunyumba tsiku limenelo ndikuyenda ngati msewu ndi wanga.

Ba Michelo ankagona m'kachipinda kosungiramo zida, Lachisanu n'kupalasa njinga kupita kwawo. Masana ankadya okha pansi pa mtengo wa mango, ife tikudya m'shedi ndi nkhani za kumudzi zimene iwo sakanalowamo. Sindinawaitanepo kunyumba kuno, ngakhale ulendo wake ndi wosatopetsa ndi nkhalamba yomwe. Ntchito yawo inali yaudongo kuposa ya tonsefe, tiyi wa Ba Lungu sakanatayika pa desiki lawo. Koma anali ochedwa. Ba Sakala akamamaliza lachitatu iwo ali pa lachiwiri, akusisita thabwa ndi chikhatho ngati akulipepesa. Za chileyi sanazitchulenso. Ba Sakala nawo sanandipemphe kanthu, koma akazi awo anayamba kubwera kudzathandiza amayi anu kuchapa, pomwe amayi anu sanadwale.

Tsiku lopereka dzina litayandikira, Ba Chileshe anandipatsa fomu ya mizere iwiri, woyamba wolembapo wotsala, wachiwiri wolembapo chifukwa. Ndinabwera nayo kunyumba. Amayi anu anaiona pathebulo, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha.

"Atate ba Misozi, ngati bonse babili banali bakwanu, sembe mwalemba ndani?"

Ndinakalipa, ndinati iwo za matabwa sazidziwa, asamale mapoto awo. Anangotola mbale n'kutuluka. M'mawa mwake ndinalemba kuti atsale Ba Sakala, ndipo pa mzere wa chifukwa ndinalemba kuti winayo ndi wochedwa, ndiponso amaononga matabwa pa zinthu zopanda ntchito. Mawu oyambawo anali oona. Achiwiriwo ndinawaonjezera kuti fomu ilemere, wina asadzati Mbewe wasankha wakwawo.

Kalata yawo itabwera, Ba Michelo anaiwerenga ataima pakhomo la shedi, n'kuipinda kanayi. Anasesa pamalo pawo, anapukuta zida, anatsanzika aliyense ndi dzanja. Kwa ine anati, "Twalumba, ba foromani," ndiko kuti zikomo m'chilankhulo chawo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, chitini chachikulu cha misomali yopindika imene tinkafuna kutaya, poti tsopano yatsopano inkapezeka m'sitolo. Ndinawapatsa mokondwa, ndikudziona ngati munthu wachifundo.

Dzinja lotsatira: makande

Mvula itakhazikika kunabwera kalata yochokera kwa ahedi a sukulu ina ya kumadambo a kutsidya, yonena kuti madesiki amene tinawakonzera akumira. Ba Sakala anati mwina ana akuwatengera kumtsinje kukawedzera nsomba. Ine ndinapsa mtima, poti ndinkaidziwa ntchito yotuluka m'shedi yanga, ndipo ndinakwera lole kuti ndikawaonetse ahediwo kusiyana kwa desiki ndi bwato. Tinaoloka mlatho, tinasiya tala, ndipo lole inaima pomwe msewu unasanduka phala. Kotsalako ndinayenda pansi, nsapato zili m'manja. Dothi la kumeneko ndi makande akuda. Chilimwe amauma gwa n'kung'ambika, koma dzinja amamwa madzi kuchokera pansi, moti amafewa ngakhale m'nyumba yofolera bwino. Zaka zonse zija mtsinje ndinkauona tsiku lililonse, koma kumadamboko nthawi ya mvula ndinali ndisanapondeko.

Ahedi anali mayi wodekha, dzina lawo Ba Mutinta. Sanandikalipire. Anangonditsegulira kalasi ya giredi 4. Pansi panali pozira, popanda simenti, ndipo madesiki anga onse anali atazika miyendo m'dothi, lina mpaka theka, lina mbali imodzi yokha, moti anapendekeka uku ndi uku ngati mano a nkhalamba. Ana anali atakhala chopendekera, ena atawasiya madesikiwo n'kumalembera pamaondo. Mtsikana wina anandionetsa kope lake, mizere yonse ikutsetsereka kupita pansi kudzanja lamanja. Ndinayesa kuzula desiki limodzi. Linatuluka movutikira, mwendo umodzi n'kutsala m'dothi utafufuma ndi madzi.

"Tiyeni muoneko na ya giredi 7," anatero Ba Mutinta.

M'menemo madesiki anali chiimire, mizere yowongoka, pa dothi lomwelo. Pansi pa lililonse panali chileyi. Sunali mubanga wopala bwino uja, inali mitengo yakutchire yosema ndi kasemasema, yopakidwa oilo, yokhomedwa ndi misomali imene ndinaizindikira nthawi yomweyo, poti ndinaiwongola ndekha yambiri m'moyo wanga.

"Ni Ba Michelo," anatero. "Babwela pa Satade na njinga. Banayambila ba giredi 7 chifukwa bali na mayeso. Ise tibapasa chabe nshima na chibwantu, tobwa yathu ya kuno. Masukulu ya kuno ni yambili, so bafika kamozi kamozi."

Ndinafunsa ngati ali bwino kunyumba kwawo, ndikuyembekeza kumva kuti akulima, poti Mtonga ndi ng'ombe zake sagona ndi njala.

"Kulima balima na kambwili," anatero. "Ng'ombe zao zonse zinafa na matenda ya denkete, mwezi wamene uja banabwela kwanu. Simunamve?"

Sindinamve, chifukwa sindinafunse. Ndinakhala pa desiki la mwana, ndipo manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Munthu anali atangokwirira khola lake lonse, ine n'kumamuseka pamaso pa anthu kuti kuno ng'ombe tilibe. Ba Mutinta anandibweretsera madzi akumwa, ndipo anandisiya ndekha mpaka belu litalira.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya Ba Chileshe osagogoda. Ndinawauza zonse, ndi za mzere wachiwiri wa fomu uja, ndipo ndinapempha kuti Ba Michelo abwezedwe pa ntchito.

"Mbuya, malo yaja yanafa," anatero motsitsa mawu. "Sikuti yalibe muntu, yanafutiwa. Mu shedi mwasala malo yabili chabe, yanu na ya Ba Sakala. Ngati mufuna mudala abwele, niuzeni wamene achoke."

Sankaseka. Ndinatuluka ndi funsolo, ndipo ndinayenda nalo masiku atatu. Kuchotsa Ba Sakala tsopano kukanakhala kulangira ana a munthu wina tchimo langa. Malo ena otsala anali anga. Ndinaganizadi zowapereka, ana anga, ndipo ndikufuna mudziwe kuti ndinaganiza. Koma iwe Misozi unali utangolowa sekondale, Mabvuto ali kumsana, ndipo tsiku lililonse popita kuntchito ndinkadutsa amuna aja a maovolosi ochapa bwino. Ndinachita mantha. Tsiku lachitatu ndinabwerera kwa Ba Chileshe n'kunena kuti zikhale momwe zilili. Chimene ndinatuluka nacho ndi chilolezo choti desiki lililonse lopita kumadambo lizikhala ndi chileyi, ndi lole ya Loweruka limodzi. Nshima imene munadya zaka zimenezo inachokera pa yankho limenelo. Sindikunena izi kuti mudzimve olakwa, poti inu simunalembe fomu. Ndikungofuna mudziwe kuti panali munthu wina amene anatsala panja.

Loweruka lija

Kuseri kwa shedi kunali kutatsala mulu wa zileyi zimene tinali tisanadule. Ine ndi Ba Sakala tinazikweza zonse m'lole, pamodzi ndi chigubu cha oilo ndi misomali yatsopano, ndipo m'mawa umenewo bamboyo sananene nthabwala ndi imodzi yomwe. Pomwe lole inalephera, Ba Mutinta anali atatumiza kholo lina la pasukulupo ndi ng'ombe zake ziwiri zopulumuka, zikukoka chileyi chenicheni. Tinasanja matabwa pamenepo. Ine ndinkayenda pambuyo ndikuzika mpaka m'akakolo, ndikuona chileyicho chikutsetsereka pamwamba pa matope ndi katundu yense uja, osamira. Panalibenso chofunika kundifotokozera.

Ba Michelo tinawapeza m'kalasi ya giredi 4, atagwada, desiki atalitembenuza miyendo m'mwamba. Anali ataonda. Njinga yawo inali itatsamira khoma, ndipo chitini chija chinali pambali pawo, misomali itatsala yapansi yokha. Anadzuka, anapukuta manja pa buluku, n'kundilonjera ndi manja awiri monga tsiku loyamba lija. Anayang'ana matabwa awo akutsitsidwa, anatola limodzi, n'kuliika padiso kuona ngati lapindika.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka mosalongosoka. Ndinawauza za fomu ndi zimene ndinalemba pa mzere wachiwiri. Ndinawauza kuti ndapempha malo awo ndipo zakanika, ndiponso kuti anga ndinali ndi mpata wowapatsa koma sindinawapatse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenaka, poti ndinkafunabe woti ndigawane naye mlandu, ndinafunsa funso limene ndimachita nalo manyazi kuposa fomu ija.

"Koma mudala, imwe munali kuziba. Nanga bwanji simunaniuze?"

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira m'shedi muja, opanda mkwiyo.

"Ninayamba kukuuzani, ba foromani," anatero. "Munakamba ati ng'ombe mulibe."

Iwo anagwadanso, anagoneka chileyi pa miyendo ya desiki, n'kundipatsa nyundo yawo.

"Gwilani uku," anatero. "Bana babwela pa Mande."

Tinakhoma tonse atatu, ndi Ba Sakala omwe, mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kalasi ija tinaimaliza.

Ba Michelo sanalembedwenso ntchito. Lole ikamapita kwawo ndinkatumiza misomali ndi oilo, iwo n'kumabweza moni kudzera kwa dalaivala, ndipo zinathera pamenepo. Ine ndinakhala ukapitawo mpaka kupuma kwanga, ndipo desiki la kadontho kobiriwira silinatulukenso m'shedi yanga lopanda chileyi. Za imfa yawo ndinamva mochedwa, atayikidwa kale. Patapita zaka, sukulu ija itaikidwa simenti ndi madesiki achitsulo, Ba Mutinta ananditumizira limodzi mwa akale aja, atalemba dzina langa ndi choko. Ndilo lili pakhondelo. Mukalitembenuza mudzaona kuti thabwa limodzi la chileyi lakhomedwa ndi misomali yatsopano, limenelo ndi langa. Linalo lili ndi misomali yowongola, yokhomedwa motalikirana mofanana ngati anayeza ndi tepi.

Ndikadzapita, amene adzalitenge alitenge ndi nkhani yake. Ndipo inu nonse atatu tsopano muli ndi anthu amene amakutchani bwana. Wina akadzaima pafupi nanu, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kuti kuja kwathu, mulekeni amalize.